Mwana wa Ng'ona Sakulira Dziŵe Limodzi

 Akuluakulu athu adati mwana wa ng'ona sakulira dziŵe limodzi. Mwambi umenewu timaunena polimbikitsa wachinyamata amene akupita kutali kukafuna maphunziro kapena ntchito, koma amene adaupeka adali ataonetsetsa khalidwe la nyama. Lero tikambirane za eni ake mwambiwo. Kodi mwana wa nyama akachoka padziŵe pamene adabadwira, amalidziŵa bwanji dziŵe lina loti akhalepo?

Ndiyambe ndi chinthu chimene aliyense wa ife adachionapo. Mvula yoyamba ikagwa, nthaka n'kufeŵa, madzulo ake ngumbi zimatuluka m'chulu mwaunyinji. Ana amathamangira kuchulu ndi mabeseni ndi miyuni, mbalame zimazigwira m'mwamba, achule ndi abuluzi amadikira pansi. Ife timaona ndiwo, koma kwa chiswe limeneli ndi tsiku losamutsa ana. Ngumbi ikauluka kamtunda ndithu imatera pansi n'kuthothola mapiko ake. Yaikazi imatulutsa fungo loitana, yaimuna n'kumaitsata pambuyopambuyo, ndipo ziŵirizo zimayendayenda kufuna dothi lonyowa loti zikumbemo kachipinda. Zikapeza malo abwino, pakapita zaka pamenepo pamamera chulu chatsopano. Zikaphonya, zimauma ndi dzuŵa kapena kudyedwa ndi nyerere. Mwa zikwizikwi zimene zimatuluka usiku umodzi, zokhazikitsa chulu ndi zoŵerengeka chabe.

Ulendo wa ngumbi ndi wa usiku umodzi, koma nyama zambiri zili nawo ulendo wotere kamodzi pa moyo wawo, ndipo ndi woopsa kuposa maulendo ena onse. Wouyendayo ndi mwana wosadziŵa dziko, ndipo akalakwitsa posankha malo, mwaŵi wachiŵiri supezeka kaŵirikaŵiri.

BWANJI OSANGOKHALA PAKHOMO?

Tisanafike pa kasankhidwe ka malo, tiyenera kufunsa chimene chimachotsa mwanayo pamene adabadwira, pomwe akudziŵa kale kokamwa madzi ndi kobisala adani. Chifukwa choyamba ndi chakudya. Dera limene lidakwanira makolo aŵiri silingakwanire makolowo pamodzi ndi ana a chaka chino, a chaka chatha ndi a chaka chamaŵa. Mlimi aliyense amadziŵa kuti munda umodzi ukagaŵidwa kwa ana asanu ndi mmodzi, ndipo iwonso n'kugaŵira ana awo, pamapeto pake aliyense amatsala ndi mizere yosadzaza nkhokwe. Mwana wokhalira pakhomo amalimbirana chakudya ndi abale ake enieni, ndipo onse amaonda pamodzi.

Chifukwa chachiŵiri ndi chibale. Oŵeta nkhuku, mbuzi kapena nkhumba amadziŵa kuti tambala kapena tonde akakhalitsa m'khola limodzi namakwera ana ake omwe, mbewu imafooka: ana amabadwa onyentchera, ogwidwa msanga ndi matenda, ena osabereka. N'chifukwa chake mlimi wanzeru amasinthana tonde ndi mnzake wa mudzi wina. M'tchire mulibe mlimi wosintha atonde, choncho ntchito imeneyi imagwiridwa ndi ulendo wa ana aja.

Chifukwa chachitatu n'chakuti ena amachita kupirikitsidwa. M'nkhalango ya Serengeti ku Tanzania, kumene Craig Packer ndi Anne Pusey adayamba kutsatira mikango mu 1978, zidaoneka kuti mikango yaikazi yambiri imakhala m'gulu limene idabadwiramo moyo wake wonse, pamene yaimuna imachoka isanapitirire zaka 4. Kaŵirikaŵiri imachoka pamene mikango ina yaimuna yachilendo yagonjetsa abambo awo ndi kulanda gululo. Alendowo amapha tiana toyamwa ndi kuthamangitsa anyamata osinkhukirapo. Opirikitsidwawo amayenda aŵiriaŵiri kapena atatuatatu, nthaŵi zambiri apachibale, n'kumazungulira m'malire mwa maiko a eni mpaka atakhwima moti nawonso n'kulanda gulu.

WOCHOKA NDANI, MWAMUNA KAPENA MKAZI?

Mu 1980 katswiri wina wa ku Britain, Paul Greenwood, adasonkhanitsa zimene ofufuza ambiri adapeza pa mitundu yambiri ya nyama, ndipo adaona chinthu chochititsa chidwi. Pakati pa nyama zoyamwitsa, wochoka kaŵirikaŵiri ndi mwana wamwamuna, wamkazi amatsala pafupi ndi make. Pakati pa mbalame n'zotembenuza: yaimuna imakhala pafupi ndi kwawo, yaikazi ndiyo imapita kutali. Iye adafotokoza kuti mbalame yaimuna imakopa mkazi pokhala ndi dera lakelake loliteteza, ndipo dera losavuta kulipeza ndi kuliteteza ndi limene ukulidziŵa chibadwire. Koma kwa nyama zoyamwitsa, mtolo wa bere ndi kuyamwitsa uli pa yaikazi, motero iyo ndi imene imapindula kwambiri pokhala pamalo podziŵika pakati pa abale, pamene yaimuna imapindula popita kumene kuli akazi osakhala achibale.

Ife titha kuzimva msanga zimenezi, popeza m'madera ambiri a chigawo chapakati ndi cha kumwera mnyamata akakwatira amapita kuchikamwini, mbumba n'kutsala pamudzi, pamene kumadera ena, monga kumpoto, mkazi ndiye amatengedwa kupita kwa mwamuna. Kufanizira kumeneku n'kongotithandiza kumva, pakuti miyambo ya anthu ili ndi zifukwa zakezake. Tsono tinganene kuti mikango, afisi, anyani, apusi ndi njovu ndi achikamwini, ndipo mbalame zambiri ndi zachitengwa. Komabe lamuloli lili ndi olithyola. Ku Gombe, m'mphepete mwa nyanja ya Tanganyika, kumene Jane Goodall adayamba kufufuza anyani aakulu otchedwa chimpanzi mu 1960, zidapezeka kuti aamuna amakhalira kwawo ndipo ochoka amakhala aakazi. Mimbulu nayo ili ndi njira yake: aamuna apachibale amachoka paokha, aakazi apachibale paokhanso, ndipo timagulu tiŵiri tosiyana kochokera tikakumana m'tchire timayambitsa gulu latsopano.

ZIZINDIKIRO ZA MALO ABWINO

Tsopano tifike pa funso lathu lenileni. Mwana uja wachoka, ali m'dziko lachilendo. Sangakhale chaka chathunthu pamalo aliwonse kuti aone ngati pamakhala njala m'chilimwe kapena ngati pamasefukira madzi m'dzinja. Ayenera kuweruza msanga poona zizindikiro. Ofufuza apeza zingapo zimene nyama zimadalira.

Choyamba ndi kufanana ndi kwawo. Ku California, m'dziko la America, Karen Mabry ndi Judy Stamps adamangirira tiwailesi ting'onoting'ono pa ana a mbeŵa za mtundu wina, zimene zimakhala m'malo a mitundu iŵiri ogundizana, a mitengo ndi a zitsamba zoŵirira. Mu 2008 adalengeza zimene adapeza: mbeŵa zobadwira m'mitengo zinkakonda kufufuza ndi kukhazikika m'mitengo, zobadwira m'zitsamba zinkakonda zitsamba, ngakhale kuti malo enawo adali pafupi pomwepo ndipo zikadatha kufikako mosavuta. Nzeru yake njosavuta kuimva. Ngati malo otere adandilera ine mpaka kukula, ndiye kuti akhoza kuleranso ana anga. Kuwonjezera apo, luso lonse limene mwanayo adaphunzira, la kafunidwe ka chakudya ndi kathaŵidwe ka adani, ndi luso la malo amtundu umenewo. Msodzi wa ku Nkhotakota akasamuka amayamba wafunsa ngati kumene akupitako kuli madzi.

Nyama zina sizikhutira ndi malo ongofanana ndi kwawo, zimafuna kwawo kwenikweniko. Nsomba yotchedwa salimoni, ya kumaiko ozizira a kumpoto, imaswedwa mumtsinje, imatsikira kunyanja kukakula, ndipo ikakhwima imabwerera kumtsinje womwewo kukaikira mazira. Arthur Hasler wa ku yunivesite ya Wisconsin adaganiza kuti nsombayi imasunga m'mutu fungo la madzi a kwawo. Pofuna kutsimikiza, iye ndi anzake adalera ana a nsombazi m'madzi othiramo timadontho ta mankhwala onunkhira, gulu lina mankhwala ena, gulu lina enanso, kenaka n'kuwataya m'nyanja ya Michigan. Itakwana nyengo yoswana, adathira mankhwala aja m'mitsinje iŵiri yosiyana. Zotsatira zake, zimene zidalengezedwa mu 1976, zidasonyeza kuti mwa nsomba zimene zidagwidwanso, zoposa 9 pa 10 zilizonse zidaloŵa mumtsinje wa fungo limene zidalizoloŵera paubwana, ngakhale kuti mumtsinjemo zidali zisanakhalemo n'kale lomwe.

Chizindikiro chachiŵiri ndi kupezeka kwa anzako. Munthu akhoza kuganiza kuti mwana wofuna malo amakonda popanda wina aliyense kuti chakudya chonse chikhale chake. Judy Stamps yemwe uja adayesa zimenezi pachilumba cha Grenada pa ana a abuluzi amtundu wina, amene aliyense amateteza kadera kake mwaukali. Adakonza malo ofanana m'zonse, ena okhala kale ndi abuluzi pafupi, ena opanda kanthu. Mu 1988 adalemba kuti ana obwera kumene ankasankha kukhala pafupi ndi eni malo, ngakhale kuti kutero kudali kudziputira ndewu. Pamalo pamene pali mnzako wamoyo ndi wonenepa pali umboni wakuti chakudya chilipo ndipo adani ndi opiririka. Pamalo popanda aliyense pamabutsa funso lakuti kodi ena aja adapita kuti. Ngakhale ife, tikafika pamsika wachilendo, timagula nsomba pamene pali anthu, ndipo benchi lopanda wogula timalikayikira.

Khalidwe limeneli lidathandiza kubwezeretsa mbalame pamalo pamene zidatha. Pakachilumba ka Eastern Egg Rock, kugombe la Maine ku America, mbalame za m'nyanja zotchedwa puffin zidatha chifukwa cha alenje m'zaka za m'ma 1800. Kuyambira mu 1973 Stephen Kress adayamba kutenga ana a mbalamezi ku Newfoundland ndi kuwalerera pachilumbapo, poyembekeza kuti akadzakula adzabwerera. Anawo ankauluka kupita kunyanja, koma kubwera kudzakhazikika kudali kovuta, pakuti chilumbacho chidali zii. Tsono Kress adaimika pamatanthwe mbalame zosema zamitengo zopakidwa utoto. Mu 1977 mbalame zenizeni zidayamba kutera pambali pa zosemazo, ndipo mu 1981 zidaswana pachilumbapo koyamba patapita zaka pafupifupi 100. Njira imeneyi yagwiritsidwa ntchito m'maiko ambiri kuchokera nthaŵi imeneyo.

Chizindikiro chachitatu n'chozama kuposa apa: kuona ngati anzakowo zikuwayendera. Pachilumba cha Gotland ku Sweden pali timbalame todya tizilombo touluka, timene timaikira mazira m'mabokosi opachikidwa m'mitengo. Blandine Doligez ndi anzake adachotsa ana m'zisa za nkhalango zina n'kukawaika m'zisa za nkhalango zina, kotero kuti kwina zisa zidaoneka zodzaza ndi ana, kwina zopereŵera, pomwe nkhalangozo sizidasinthe m'china chilichonse. Chaka chotsatira, mbalame zatsopano zidabwera zambiri kunkhalango za zisa zodzaza zija. Zimenezi, zolengezedwa mu 2002, zidasonyeza kuti mbalame zimayendera zisa za anzawo n'kumasuzumira, ndipo zimene zaona zimazisunga mpaka chaka chamaŵa. N'chimodzimodzi munthu wofuna malo olima, amene asanapemphe kwa amfumu amayamba wayang'ana nkhokwe za eni mudzi.

Chachinayi ndi banja. Fisi timamunyoza m'nthano zathu kuti ndi wadyera ndi wopusa, koma pankhani iyi ali ndi nzeru. M'chigwa cha Ngorongoro ku Tanzania muli magulu 8 a afisi amene Oliver Höner ndi anzake adawatsatira kwa zaka zambiri, akumamdziŵa fisi aliyense ndi maanga ake. Pakati pa afisi, wamkazi ndiye mwini mphamvu, ndipo mwamuna sangamukakamize. Ofufuzawo adapeza kuti fisi wamkazi wachitsikana amakonda mwamuna amene adabadwa kapena kufika m'gulumo iye atabadwa kale. Lamulo lophwekali limamuteteza kuti asakwatiwe ndi bambo wake. Tsono mnyamata wofuna banja zimamuyendera akapita kugulu limene lili ndi atsikana ambiri panthaŵiyo, ndipo zimene adalengeza mu 2007 zidasonyeza kuti afisi aamuna ambiri amachitadi zimenezo, ndiponso kuti osankha motero amabereka ana ambiri pa moyo wawo. Fisi wamwamuna, tingatero kunena kwake, amasankha mudzi poŵerenga anamwali.

Chachisanu ndi phokoso. Nsomba zambiri za m'matanthwe a m'nyanja zamchere zimayamba moyo ngati timphutsi totengeka ndi mafunde kutali ndi gombe. Ikakwana nthaŵi yokhazikika, ziyenera kupeza matanthwe usiku, m'madzi opanda njira. Matanthwe amoyo amachita phokoso, la nkhanu zing'onozing'ono zothetheka ngati moto wa mapesi ndi la nsomba zolira. Mu 2005 Stephen Simpson ndi anzake, kugombe la Australia, adaika zokuzira mawu pansi pa madzi, ndipo milu ya miyala yokhala ndi phokosolo idalandira ana a nsomba ambiri kuposa milu yachete. Mu 2019 ofufuza adabwereza zimenezi pamatanthwe akufa a komweko, ndipo chiŵerengero cha nsomba pamalo oimbidwa phokoso chidaŵirikiza kaŵiri.

MTENGO WA ULENDO

Tisaganize kuti mwana aliyense amayenda modekha, akuyerekeza malo aŵa ndi aŵa mpaka atapeza okoma koposa. Kufunafuna kuli ndi mtengo wake. Tsiku lililonse la paulendo ndi tsiku la njala, la kukumana ndi adani pamalo posadziŵa kothaŵira, ndi la kulumidwa ndi eni dera. Mwana wonenepa ndi wamphamvu akhoza kukana malo oyamba ndi achiŵiri, koma wofooka amalandira alionse amene wapeza, ndipo pamene masiku akupita ngakhale wamphamvu uja amayamba kutsitsa mtima. Choncho kaleredwe ka mwana pakhomo kamamutsata mpaka pa kasankhidwe ka malo.

Umboni wake udapezeka kunkhalango ya Hwange ku Zimbabwe, kumene Nicholas Elliot ndi anzake adatsatira mikango yachinyamata yovekedwa malamba a wailesi m'khosi. Mu 2014 adalemba kuti mikango yaimuna imene idachoka m'gulu isanakwane miyezi 31 sidapulumuke paulendowo. Adapezanso kuti mikango yachinyamata yofuna malo siopa kudutsa m'minda ndi pafupi ndi midzi monga imaopera ikuluikulu yokhala ndi dera lake. Apa mpamene nkhaniyi imakhudza khola la munthu. Mkango wogwira ng'ombe kunja kwa nkhalango nthaŵi zambiri ndi mnyamata wopirikitsidwa kwawo, wanjala, wosadziŵa bwino kusaka, amene wapeza kuti malo onse abwino m'nkhalango ali ndi eni ake.

Ena mwa maulendoŵa ndi aatali modabwitsa. Mu 2018 ofufuza a ku Norway adatsatira nkhandwe yaikazi ya kumaiko a madzi oundana, yosakwana chaka chimodzi, imene idanyamuka pachilumba cha Spitsbergen n'kuyenda pamwamba pa nyanja youndana, kudutsa Greenland, mpaka kukafika pachilumba cha Ellesmere ku Canada. Idayenda makilomita 3,506 m'masiku 76, ndipo tsiku lina idayenda makilomita 155. Kanyama kochepa ngati kagalu kakang'ono kadachita zimenezi kokhakokha.

CHIKOMEKOME CHA MKUYU

Zizindikiro zonse tatchulazi zidagwira ntchito kwa mibadwo yosaŵerengeka chifukwa chakuti chizindikiro ndi ubwino wa malo zinkayendera limodzi. Munthu akasintha dziko mofulumira, ziŵirizi zimalekana, ndipo nyama imatsata chizindikiro mpaka kukagwa m'mbuna. Ku Hungary kuli tizilombo touluka timene mphutsi zake zimakhala m'madzi, monga zimachitira nkhungu za kunyanja kwathu. Timazindikira madzi poona m'mene kuŵala kumanyezimira pamwamba pake. Mu 1998 György Kriska ndi Gábor Horváth, pamodzi ndi mnzawo, adasonyeza kuti msewu wa phula umanyezimira mofanana ndi madzi m'maso mwa tizilomboti, kotero kuti timaikira mazira pamsewu, pomwe amauma tsiku lomwelo. Ana a akamba a m'nyanja zamchere nawonso, akaswedwa mumchenga usiku, amathamangira kumene kukuŵala, popeza chiyambire kale mbali yoŵala idali ya kunyanja. Pagombe pakamangidwa nyumba zoyatsa magetsi, anawo amaloŵera kumtunda n'kukafera komweko. Akulu adanena kuti chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

KWATHU KUNO

Nanga ife zimenezi zikutikhudza bwanji? Tiyambe ndi nyanja yathu. Mbuna, tinsomba tokongola ta m'miyala tija, ndi chitsanzo cha ana osapita kutali. Mayi amasunga mazira ndi ana m'kamwa kwa masabata pafupifupi 3, kenaka n'kuwalavulira m'ming'alu ya miyala pomwepo. Anawo satengeka ndi mafunde monga ana a nsomba za m'nyanja zamchere, ndipo mbuna zambiri sizikonda kuwoloka mchenga wautali kapena madzi akuya. Ofufuza amene adapima magazi a mtundu wa nsombazi kufupi ndi Nkhata Bay m'zaka za m'ma 1990 adapeza kuti magulu olekanitsidwa ndi mchenga wa mtunda wochepa chabe adali osiyana kale. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene nyanja ya Malaŵi ili ndi mitundu mazanamazana ya mbuna, ina yopezeka pachilumba chimodzi chokha padziko lonse lapansi. Tanthauzo lake n'lakuti mtundu wotere ukatha pamiyala pake, palibe kwina kumene ana angachokere kudzadzazanso malowo. Nkhalango yotetezedwa ya Lake Malawi National Park, ku Cape Maclear, idakhazikitsidwa mu 1980 makamaka pofuna kuteteza nsomba zimenezi.

Mpasa uli ndi njira ina. Umakulira m'nyanja, koma nyengo ya mvula umakwera mitsinje monga Bua, Linthipe ndi North Rukuru kukaikira mazira pamiyala ing'onoing'ono ya m'madzi oyera othamanga, ndipo ana amayamba akhala mumtsinje asanatsikire kunyanja. Tikadula mitengo ya m'mbali mwa mtsinje ndi kulima mpaka m'gombe, dothi limakokoloka n'kukwirira miyala ija. Tikatchinga mtsinje wonse ndi maukonde kapena miono, nsombayo sifika n'komwe. Munthu wolima kumtunda kwa Bua, amene mwina sadaionepo nyanja, ali ndi dzanja pa tsogolo la mpasa.

Kumtunda nako nkhani ndi yomweyo. Kale mkango wachinyamata wochoka ku Majete ukadatha kuyenda m'tchire mpaka kukapeza gulu lina kutali. Lero nkhalango zathu zili ngati zilumba pakati pa minda, ndipo zina, monga Majete ndi Liwonde, n'zozingidwa ndi mpanda wamagetsi woteteza anthu ndi mbewu zawo. Mpandawo ndi wofunika, koma umatseka njira ya ana ofuna malo. N'chifukwa chake osamalira nkhalango tsopano amayenda ulendowo m'malo mwa nyama, pozinyamula pagalimoto ndi pandege. Mikango idabwezeretsedwa ku Majete mu 2012 ndi ku Liwonde mu 2018. Mu 2021 mimbulu 14 idafika kuchokera ku South Africa ndi ku Mozambique n'kugaŵidwa ku nkhalango ziŵirizi. Mu 2016 ndi 2017 njovu zoposa 500 zidasamutsidwa kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete kupita ku Nkhotakota. Pantchito yotere, kudziŵa m'mene nyama imasankhira malo n'kofunika kwambiri, pakuti nyama yongotulidwa pamalo achilendo imafuna kubwerera kwawo. Choncho mikango ndi mimbulu imayamba yasungidwa m'khola lalikulu kwa masabata angapo kuti izoloŵere fungo ndi maonekedwe a dziko latsopano, ndipo njovu zimasamutsidwa banja lathunthu, mayi wamkulu pamodzi ndi mbumba yake.

Phunziro la kusamutsa njovu ndi akuluakulu ake lidaphunziridwa moŵaŵa. M'zaka za m'ma 1980, ana amasiye a njovu ochokera ku Kruger adatulidwa okhaokha kunkhalango ya Pilanesberg ku South Africa. M'tchire, njovu yaimuna imachoka m'banja ili ndi zaka pakati pa 10 ndi 15 n'kukayenda pafupi ndi zimphongo zikuluzikulu, zimene zimaiphunzitsa malire ake. Ku Pilanesberg kudalibe akuluakulu otero. Anyamatawo atakula adalusa, ndipo pakati pa 1992 ndi 1997 adapha zipembere zoposa 40. Mu 1998 kudabweretsedwa njovu zaimuna zikuluzikulu 6 kuchokera ku Kruger, ndipo kuphako kudaleka. Malo abwino kwa mwana wa njovu ndi okhala ndi udzu, madzi, komanso akulu.

Omvera anzanga, pali zinthu zimene tingachite pamudzi pathu pomwe. Mitengo ya m'mbali mwa mitsinje, nkhalango za kumanda ndi timapiri tosalimidwa ndi njira ndi popumulira pa ana a mbalame, agwape ndi tinyama tina paulendo wawo, choncho tisazimalize. Moto wolusa wa mu Okutobala umapsereza malo amene ana a chaka chino akadakhazikikamo. Nyengo imene mpasa ukukwera, tiusiyire mpata mumtsinje. Ndipo mkango, fisi kapena njovu ikaoneka pafupi ndi mudzi, tisaiyandikire kapena kuithamangitsa ndi miyala. Titsekere ziŵeto m'makola olimba, tisunge ana m'nyumba, ndipo tidziŵitse amfumu ndi alonda a zanyama zakutchire mwamsanga, pakuti nyama yosokera ndi yamantha, ndipo yamantha ndiyo yoopsa.

Mvula yoyamba ikadzagwa chaka chino, pamene ana akukatola ngumbi, mudzaŵerame pang'ono pambali pa chulu. Mudzaona ziŵiri zopanda mapiko zikutsatana pansi, zikufuna pokumba. Zimenezo mudzazisiye zipite.